Ma oats ogonetsa usiku ndi kutentha kwa kuchigwa kuno, zimatheka?

Mai_a_Favour_Nchalo
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni maganizo. Ine ntchito ndimalowa 6 koloko mmawa ndipo galimoto imatitenga pamsewu cha m'ma 5:30, nde kuti ndidzuke ndiyatse mbaula ndiphike phala la ana awiri ndi bambo awo kenako ndisambe zikumandikanika, masiku ambiri ineyo ndimachoka osalawa kanthu. Pa TikTok ndikumaona azimayi akupanga zomwe akuti overnight oats, amathira ma oats mu botolo ndi mkaka ndi yogati usiku, mmawa amangotsegula nkudya osaphika. Funso langa, kodi sizitsegula mmimba poti nzosaphika? Chachiwiri, ndi kutentha kwa October uku komanso magetsi athu mukuwadziwawa, zingagone osasasa? Andiyankhe amene anayesako kuchigwa kuno, a ku Blantyre dikirani kaye inu kwanu kumazizira.

Kabaza_Dyeratu
kkkk mkute wa azungu umenewo. ife tinayamba kale ndi nsima, imagona mu mbale mmawa kungoiwotcha pamakala basi wapita

Wophika_pa_loji
Amayi ine ndimapangira alendo kawirikawiri, makamaka aja odzuka mbandakucha kukaona nyama. Za kusaphikazo musadandaule. Ma oats a mmashopu aja olembedwa rolled oats kapena quick oats, ku fakitale amawadutsitsa kale mu nthunzi yotentha asanawadinde kuti akhale opyapyala chonchija, nde si aawisi ngati ufa wochoka kuchigayo. Mchifukwa chake amadyeka ongoviika.

Kapangidwe kake nkosavuta. Pa munthu mmodzi, theka la kapu ya ma oats, theka la kapu ya mkaka, masupuni awiri kapena atatu a yogati kapena chambiko, ndi kamchere kongotsina ndi zala. Mcherewo musaiwale, popanda iwo zimakhala zozizira mkamwa zopanda mutu. Takasani, tsekani, ikani mu filiji. Musavutike kufuna mabotolo okongola a pa TikTok aja, botolo la mayonezi kapena la chiponde lotsuka bwino ndi madzi otentha likwanira bola chitseko chake chikhale chogwira. Maola 6 amakhala afewa kale. Mmawa mukapeza alimba kwambiri onjezerani mkaka pang'ono.

Nthochi, mango, papaya musaike usiku. Nthochi imada, mango amatulutsa madzi zonse zimakhala ndyandyandya. Dulirani mmawa pamwamba. Shuga kapena uchinso mmawa mutalawa kaye, chifukwa nthochi yakupsa bwino payokha imatsekemeretsa. Ndipo pogula yang'anani paketi, rolled aakuluakulu aja amakhala otafunika, quick amasanduka phala lenileni zomwe ana ambiri amakonda, koma olembedwa steel cut asiyeni amenewo safewa ndi kuviika kokha.

Koma zonse ndanenazi ndi za filiji yoyaka usiku wonse. Ife kuntchito kuli sola ndi jenereta.

Mai_a_Favour_Nchalo
Takhuta achimwene, mwalongosola bwino zedi. Koma mzere womalizawo ndi umene pali vuto langa

Sister_wa_ku_Ngabu
Ndilowe pamenepo chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chimene chimapangitsa kuti chakudya chimenechi chikhale chabwino mmawa si ma oats ayi, ndi kuzizira. Majeremusi a mu chakudya amaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo malo amene amasangalala kwenikweni ndi cha m'ma 30 mpaka 40, nde tangoganizani chipinda cha malata ku Nchalo mwezi uno usiku. Langizo la zaumoyo limati chakudya cha mkaka chisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32 ndi ola limodzi lokha. Inu mukufuna chigone maola 8. Popanda filiji ayi ndithu musayese, makamaka poti mudyetsa ana.

China chimene anthu sadziwa, si nthawi zonse chakudya choipa chimanunkha kapena kusasa. Chikhoza kuoneka bwinobwino, kulawa bwinobwino, masana mwana wayamba kusanza. Nde zomati ndinunkhiza kaye sizithandiza kwenikweni.

Ngati filiji ilipo koma magetsi azima usiku, imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 ngati simukuitsegulatsegula. Ikani botololo mkati kumbuyo, osati pa chitseko pomwe pamafunda msanga.

Madala_aku_Makhanga
Asisi musatiopseze. Ife tinakula tikumwa chambiko chogona mu chikho masiku awiri atatu opanda filiji ndipo tili moyo mpaka lero. Thobwa nalo limagona. Zinthu zonse masiku ano akuti majeremusi majeremusi

Sister_wa_ku_Ngabu
Bambo mukunena zoona kuti chambiko ndi thobwa zimagona, koma si chimodzimodzi. Chambiko chikamasasa muja muli tizilombo tabwino timene timasandutsa shuga wa mu mkaka kukhala asidi, asidiyo ndi amene amalepheretsa tizilombo toipa kuswana. Thobwa nalo munaliphika kaye, mwathira chimera, mawa mumaliwiritsanso. Pomwe apa mwatenga mkaka wosasasa mwathira ma oats ndi shuga mwasiya pamalo ofunda, palibe chimene chikuteteza. Ndipo amene anadwala nthawi imeneyo sali pagulu pano kuti atiuze.

Kabaza_Dyeratu
eeeh asisi mwawaponda madala kkkk

Madala_aku_Makhanga
Iwe mwana wa kabaza khala chete akulu akamayankhula

Nachisale_Bangula
Ine ndimapanga ndi chambiko chokha osathira mkaka wa fuleshi, ndimachisungunula ndi madzi owiritsa ozizira. Botolo ndimalikulunga ndi kansalu konyowa nkuliika mu beseni la madzi pafupi ndi mtsuko pakhonde lakuseri pomwe pamadutsa mphepo. Mmawa limakhala lozizirirapo ndithu. Miyezi ya June July zimayenda bwino kwambiri. Koma kuyambira September ndimasiya kaye, chifukwa mmawa umapeza chitseko chafufuma, ukatsegula psiii, kukoma kwake kolowera ku mowa.

Sister_wa_ku_Ngabu
Achemwali njira yanuyo ndi yabwinoko kusiyana ndi mkaka wa fuleshi chifukwa cha kusasako, koma mtsuko ndi nsalu yonyowa zimangotsitsa kutentha pang'ono, sizifika pa madigiri 5 olo mutatani. Munthu wamkulu wathanzi ndi chisankho chake, koma mwana wamng'ono, mayi woyembekezera kapena munthu amene thupi lake ndi lofooka kale ine sindingamupatse.

Mphunzitsi_Fatima
Kungowonjezera, anthu amaona ngati zayamba ndi TikTok koma nzakale. Dokotala wina wa ku Switzerland, Maximilian Bircher-Benner, cha m'ma 1900 ankapatsa odwala ake ku Zurich ma oats oviika osakaniza ndi apozi wopala, mtedza ndi madzi a ndimu. Ndi kumene kunachokera muesli uja mumamuona mmashopu. Tsono kumbukirani kuti kumeneko ndi dziko lozizira zedi, munthu akhoza kusiya mbale pawindo. Ife tikutengera maphikidwe a dziko la chisanu kubweretsa ku Nsanje komwe October November timafika m'ma 40 kupita mtsogolo.

Che_Thonje
Nde phindu lake nchani poti zinthuzo nzodula chonchija? Kapaketi ka Jungle Oats kamodzi ndalama yake ndigula ufa wa mgaiwa wa phala wa mwezi ndi nsinjiro zomwe. Zimachokera ku South Africa zimenezo, chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 muja chilichonse cholowa m'dziko chinangouluka. Kuno ku Ngabu ukazipeza mu shopu imodzi mwayi, apo ayi mpaka utume munthu ku Blantyre.

Mai_a_Favour_Nchalo
Zodula zoona bambo koma werengeraninso makala. Thumba la makala pano si masewera, ndipo kuyatsa mbaula mmawa chifukwa cha kapoto kamodzi ka phala makala ambiri amangopsa pachabe ine nditapita. Komanso ine chimene ndikugula ndi nthawi.

Big_Joe_Sorgin
Nthawi yanji amayi? Mkazi amadzuka 4 koloko kuphikira banja. Ine ndinapereka ng'ombe kwa apongozi kuti ndizidya zozizira za mu botolo? Ulesi wa pa foni uwu

Nachisale_Bangula
Ng'ombe munaperekazo zikuphikireni phala

Mai_Tinenenji
kkkkkk achemwali mwandipha. A Big Joe mayiwa akulowa ntchito 6 koloko, ndalama yake ikudyedwa pakhomo pomwepo. Inuyo manja anu anatupa? Mbaula siluma amuna. Amuna anga akakhala ya usiku amafika mmawa nkuteleka okha madzi a tiyi ana asanadzuke ndipo ndevu sizinathothoke.

Big_Joe_Sorgin
Nde mwawadyetsa amenewo

Kabaza_Dyeratu
awadyetsa ma oats kkkk

Admin_Chigwa
Abale tiyeni tilemekezane. Funso ndi la chakudya, za malobola tsegulani nkhani yake ina.

Mlangizi_EastBank
Ndibwerere kwa Che Thonje. Kudulako chifukwa china nchakuti mbewu imeneyi sitilima kuno. Oats amafuna nyengo yozizira ya chinyontho, mchifukwa chake olima kwambiri ndi maiko ngati Canada, Russia, Poland, Finland. Kuchigwa kuno sangachite bwino olo mutathirira ndi ngalande ya Shire Valley ija ikubwera kuchokera ku Kapichira. Zathu ndi mapira ndi mchewere zimene zimapirira dzuwa, ndipo kunena chilungamo pa thanzi sizotsalira ayi, mchewere uli ndi ayironi wambiri ndithu. Vuto lake palibe amene akutidindira mapira kukhala opyapyala ophikaphika kale ngati mmene amachitira ndi oats, tikanakhala ndi kafakitale kotero bwezi nkhani ili ina.

Che_Thonje
Nde bwanji osangoviika ufa wa mapira mu mkaka usiku mmawa nkudya? Si chimodzimodzi?

Wophika_pa_loji
Ayi bambo musayese. Ufa wa kuchigayo ndi wauwisi, sunaone moto, wadutsa padzuwa pamphasa pomwe nkhuku ndi mbuzi zimayenda, kenako mu chigayo chomwe aliyense amagayitsa. Umafunika kuwira. Komanso wosaphika sugayika bwino mmimba ndipo mkamwa umangokhala mchenga. Chimene mungachite ndi kuviika ufa wa mapira mu madzi madzulo kuti mmawa upse msanga, umafewa ndipo phala lake limasalala, koma kuphika kulipo basi.

Anambewe_Tengani
Ine ndikungowerenga ndikudabwa. Anthu kuno chaka chikavuta amalowa mmadambo kukazula nyika ng'ona zili pomwepo kuti ana adye, 2024 muja boma linachita kulengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, inu muli busy ndi ma oats a mu botolo. Dziko limodzi koma anthu awiri.

Mai_Tinenenji
Mayi zimene mukunenazo nzoona ndipo tonse tili ndi abale kumudzi amene timawatumizira. Koma munthu asafunse za kadzutsa wa ana ake chifukwa kwina kuli njala? Mayiwa sakuba, akugwira ntchito.

Anambewe_Tengani
Sindinati akuba. Ndangonena mmene ndaonera

Mai_a_Favour_Nchalo
Ndamva amayi, palibe choipa. Ndiwonjezere chimene sindinanene poyamba. Filiji yeniyeni ndilibe, chimene ndili nacho ndi filiza yaikulu yogona ija, ndimapangira mafilizi a malambe ogulitsa. Nde ndimaopa kuti ndikaika mmenemo mmawa ndipeza mwala.

Fundi_wa_mafiliji
Aaah nde mukanayamba ndi pamenepo amayi, inu muli bwino kuposa a filiji. Filiza yogona ikadzaza bwino ndipo osaitsegula imasunga zinthu zouma mpaka masiku awiri magetsi atazima, ikakhala ya theka tsiku limodzi. Filiji wamba siyandikirako. Chitani chonchi, umitsani mabotolo awiri a madzi a 2 litazi, musadzaze mpaka kukamwa chifukwa madzi akauma amafufuma botolo limang'ambika. Usiku tengani cooler box imene mumagulitsira mafilizi ija, ikani mabotolo oumawo, mabotolo a oats pakati pawo mogundana, pamwamba kathaulo, tsekani. Mmawa mukapeza ayezi akadalipo mu mabotolo ndiye kuti zagona pozizira bwino. Mukapeza asungunuka onse madzi afunda, dziwani kuti bokosilo likupuma penapake, musadye osaphika. Mabotolo mubwezere mu filiza mmawa kuti aumenso.

Nthawi ya namondwe Ana uja mu January 2022 Kapichira atawonongeka, magetsi ankazima maola ambirimbiri kwa nthawi yaitali, ogulitsa nsomba ndi nyama ambiri anapulumukira njira yomweyi ya mabotolo. Langizo lina laulere, filiza isagundane ndi khoma ndipo isakhale pomwe dzuwa limalowa, kuno makompuresa ambiri amapsa chifukwa chosowa mpweya kumbuyo.

Sister_wa_ku_Ngabu
Iyi nde ndikugwirizana nayo. Mkakanso ukhale wozizira kale pothira, musathire wofunda nkuyembekezera kuti bokosi liuziziritse. Ndipo pangani za mawa zokha. Aja a pa intaneti amapanga mabotolo a masiku atatu anayi nthawi imodzi ali ndi magetsi osazima.

Wa_ng'ombe_Miseu4
Mkaka musavutike ndi wa mmapaketi, ine ndimakama mmawa uliwonse fuleshi weniweni wa kirimu, inbox

Sister_wa_ku_Ngabu
Achimwene bizinesi ndi yabwino koma auzeni makasitomala anu aziwiritsa. Mkaka wongokama ukhoza kukhala ndi TB ya ng'ombe kapena brucellosis, ndipo apa tikukamba chakudya chosaphika. Wiritsani, uzizire msanga, kenako muthire. Chimodzimodzi madzi ngati mukusungunula mkaka wa ufa, akhale owiritsa kapena othira kolorini kapena WaterGuard. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ife a Nsanje ndi Chikwawa sitifunika kukumbutsidwa. Phala lophika limakukhululukira madzi akakhala okayikitsa chifukwa lawira, izi sizikhululuka.

Wa_ng'ombe_Miseu4
Ng'ombe zanga nzobaya zonse asisi

Sister_wa_ku_Ngabu
Wiritsanibe

Mai_Tinenenji
Pa mkaka wa ufa pomwepo, anthu ambiri amagula Cremora nkumati ndi mkaka. Werengani kuseri kwa paketi, ndi mafuta a zomera ndi glucose, ndi ya mu tiyi ndi khofi. Mukafuna wa ufa gulani wolembedwa full cream milk powder. Ndipo madzi a mijigo ina kuno ndi amchere, mukasungunulira amenewo kamchere ananena achimwene a ku loji kaja musathirenso.

Dalitso_wa_ku_Joni
Ine kuno ndimadya daily. Muikemo chia seeds supuni imodzi ndi blueberries, zimakhala bho heavy

Kabaza_Dyeratu
blueberries ku Dyeratu? man bwerani kaye mudzaone kwanu. kuno ndi masau ndi bwemba

Nachisale_Bangula
Kkkk koma zakwathu zomwezi zimakoma. Mayi a Favour poti malambe muli nawo kale, sefani ufa wake muthire supuni imodzi mu botolomo. Amalimbitsa mkaka kukhala ngati yogati ndipo kowawasa kake kamachotsa kufwafwaza kwa ma oats, simufunikanso kugula yogati. Koma supuni imodzi yokha, mukachulutsa ana akwinya nkhope. Ine pamwamba ndimawaza chitowe chokazinga chosinja pang'ono, chimene tikulima tokha kuno nkumagulitsa chonse kwa mavenda osasiyako cha pakhomo. Chiponde nachonso supuni imodzi chimakhutitsa mpaka 12 koloko.

Wophika_pa_loji
Chitowe ndi chabwino pa fungo koma dziwani kuti sichigwira ntchito ya chia. Chia amamwa madzi nkuterera, amalimbitsa. Chitowe chimangokhala chitowe. Nde ngati mulibe chia chepetsani mkaka pang'ono basi, si chinthu chofunika kuchisakasaka. Za malambe ndikuvomereza, alendo amazikonda kwambiri kuposa ifeyo eni ake.

Mlangizi_EastBank
Pa chiponde ndi nsinjiro samalani ndi chuku. Mtedza wonyala, wobooka, wakuda mkati tayani musanakazinge, poizoni wake satha ndi moto. Vuto nlakuti wabwino timagulitsa, wotsalira ndi umene timasinjira ana.

Bambo_a_Chisomo
Ndifunse nawo. Ine anandipeza ndi shuga komanso BP, akuti ma oats amathandiza. Nzoona kapena ndi malonda chabe?

Sister_wa_ku_Ngabu
Bambo pali choonadi. Oats ali ndi mtundu wa fiber wotchedwa beta-glucan, ndi umene umapangitsa kuterera kuja, umathandiza kutsitsa kolesitero ndipo shuga amalowa mmagazi pang'onopang'ono kusiyana ndi buledi woyera kapena phala la ufa woyera. Koma si mankhwala, mapilitsi anu musasiye. Sankhani rolled aakulu aja, osati timapaketi ta instant tothira kale shuga ndi mafungo. Ndipo anthu amalakwitsa apa, amatenga oats nkuthira masupuni atatu a shuga, uchi, nthochi ziwiri ndi yogati wa strawberry amene ali kale ndi shuga wambiri, kenako nkumati ndikudya zathanzi. Inu theka la kapu, chambiko chopanda shuga, mtedza pang'ono, kachipatso kochepa. Ngati muli ndi kamakina koyezera yezani patatha maola awiri mutadya muone mmene thupi lanu likulandirira, ndipo mukapita ku sikelo yanu ya shuga mukawauze a dokotala.

Kwa amene ali ndi makanda, mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi olo pang'ono, ndipo phala lake liziphikidwa.

Bambo_a_Chisomo
Zikomo asisi. Chopanda shuga nde chilango koma tiyesa

Che_Thonje
A ku Nchalo kudya zopanda shuga nzimbe zili pakhomo, dziko lapita kkk

Mnyamata_wa_lendi
Nanga ife opanda filiji opanda filiza opanda magetsi omwe? Ndimakhala ndekha pa lendi ku Nsanje boma, ndili ndi kafulasiki basi

Wophika_pa_loji
Aise iwe nde yako njosavuta, ungosiya kuviika usiku. Usiku konza zouma zokhazokha mu botolo, quick oats theka la kapu, mkaka wa ufa masupuni awiri, mchere, nsinjiro zokazinga kapena chitowe, shuga ngati ukufuna. Zouma sizionongeka, ukhoza kukonzeratu mabotolo a sabata yonse Lamulungu. Pophika nsima madzulo wiritsa madzi uthire mu fulasiki. Mmawa thira madzi otenthawo mu botolo mpaka amize ma oats, takasa, vindikira, kasambe. Pobwera mphindi 5 zakwana phala lapsa. Ngati botolo ndi lagalasi madzi asakhale obwadamuka lingasweke, kapena gwiritsa kapu yachitsulo. Ukafuna zozizira thira madzi owiritsa ozizira udikire mphindi 15 kapena 20, quick oats safuna usiku wonse kuti afewe. Kunena zoona kwa anthu ambiri kuchigwa kuno njira ndi imeneyi, ntchito yonse wapanga usiku koma palibe chonyowa chimene chagona.

Mnyamata_wa_lendi
Nanga osangothira ma oats mu fulasiki momwemo usiku?

Wophika_pa_loji
Zimatheka ndi fulasiki yabwino yokamwa kwakukulu, koma zathu zotchipazi pofika mmawa zimakhala zangofunda, ndiko kufunda kumene asisi anena kuti majeremusi amakonda kuja. Madzi okha alibe vuto, koma mukakhala chakudya ndi nkhani ina. Komanso kutsuka phala mu fulasiki ya tiyi yokamwa kakang'ono udzalira.

Madala_aku_Makhanga
Zonsezi mukuvutikira chani, mbatata yophika madzulo ndi thobwa mmawa munthu umalima mpaka dzuwa pamutu

Mai_Tinenenji
Apa pokha madala sindikutsutsani. Ana anga ma oats ozizira anawakana, wamng'ono anati phala lafa. Ndimachita kuwatenthetsa pa hotplate mphindi ziwiri magetsi akakhalapo, poti aviikidwa kale amapsa nthawi yomweyo. Nde mayi a Favour musagule paketi yaikulu kaye, yambani ndi kakang'ono muone ngati kwanu alandira. Bambo a kunyumba nawo mwina ali ngati a Big Joe.

Big_Joe_Sorgin
Dzina langa likutani mkamwa mwanu mayi

Mai_a_Favour_Nchalo
Kkkk bambo a Favour alibe vuto amadya chilichonse bola chikhale chambiri. Ndiyamba ndi ya cooler box ndi malambe, tsiku loti filiza sinaumitse ndizipanga ya zouma ija. Funso lina, ndikagula paketi yaikulu ndingasunge bwanji? Ufa kuno sukhalitsa anankafumbwe ndi nyerere.

Fundi_wa_mafiliji
Mu filiza momwemo, mu chigubu kapena kontena yotseka bwino kuti asamwe chinyezi ndi fungo la nsomba ngati mumasungamo. Ouma sagwirana, mumangotapa.

Wophika_pa_loji
Eya, komanso oats ali ndi mafuta ochulukirapo kusiyana ndi ufa woyera nde pamalo otentha amayamba fungo la mafuta akale msanga. Pogula onani deti, ndipo mmashopu ena ang'onoang'ono paketi imakhala pa shelefu miyezi poti ogula ndi ochepa, igwedezeni muyang'ane ngati mulibe ulusi ngati wa kangaude mkati.

Nachisale_Bangula
Amene akukwera ku Blantyre sabata ino anditengereko rolled 1kg, ndituma pa Airtel Money ya minibasi ndiwonjezera

Che_Thonje
Ine ndikwera Lachisanu kukagula mankhwala a ng'ombe koma ndimatsikira pa Ngabu, Bangula sindifika

Nachisale_Bangula
Palibe vuto mungopatsa kondakitala wa ya ku Nsanje nditumizireni nambala ya galimoto, bola musaike jumbo imodzi ndi dibi